Chigamba pa chitenje chanu

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ife kuno ku Perth tilipo, kungoti ine mutu sunakhazikike chiyambire Loweruka.

Ndiyambe ndi zabwino, monga munkachitira inu mukabwera ndi uthenga wovuta. Mng'ono wanga Chikondi wachira, mwana wamkazi, ndipo amutcha Nelesi, dzina lanu. Akuti mawu ake ndi anu enieni, akalira mudzi wonse umadziwa. Achimwene akolola bwino ku Mitundu, chimanga chadzaza nkhokwe, koma mtedza wavuta chifukwa mvula inadula msanga. Bambo a Tadala akadali ku mgodi kumpoto kuja, amabwera pa ndege atafiira ndi fumbi mpaka m'makutu. Tadalayo watalika kundiposa. Chichewa amamva chonse, koma kuyankha ndi Chingerezi cha m'mphuno chija munkachiseka pa foni.

Tsopano nkhani yake ndi iyi. Kuno kuli nyumba ina yosungiramo zinthu zakale. Chaka chino anakonza chionetsero cha mmene anthu amenyera ufulu wawo, kuyambira eni nthaka ya kuno, amene kale boma linkawalanda ana, mpaka ife obwera. Anapempha mtundu uliwonse kuti ubweretse chinthu cha kwawo chokhala ndi mbiri. Ine nditamva, maganizo anathamangira ku chitenje chanu cha chipani, chija ndinapempha pogawa zovala zanu, azakhali nkudabwa kuti wa kunja akusankhiranji chisanza.

Azakhali sankadziwa, koma ine ndinkaona. Ndikukumbuka lole ikubwera kudzakutengani kuti mukavine pamaso pa mkulu wa dziko uja, inu mutavala nkhope yake, kumunda kutatsala udzu. Ndikukumbuka abambo atamenyedwa pa msika chifukwa chosowa khadi la chipani, mpaka khutu lawo lakumanzere linagontha. Kuyambira pamenepo, mukabwera kovina munkapinda chitenjecho, nkhope yapakati ili pamwamba, nkuchiyika pa mwala wa kuseri kwa khitchini, nkukhalapo phwata, nkumasenda mtedza. Ndikafuna kuseka munkandiyang'ana ndi diso lija. Munkati, kuvina andivinitsa, koma pokhala ndikhala mmene ndikufunira ine. Zaka ndi zaka, mpaka nkhopeyo inafufutika, ulusi unapyapyala, panabooka. Povala munkabisa pobookapo m'chiuno. Akanakugwirani, Amayi, sitikanakuonaninso.

Zinthu za Amalawi ankasonkhanitsa ndi Anaphiri, wapampando wa gulu lathu la amayi, amene amakhala nafe m'dera lathu lino la Balga. Ndi munthu wabwino, musawaipire mtima. Uthenga wa maliro anu utafika, ndiwo anayamba kulowa m'nyumba mwanga, nakhala nane mpaka ndinakwera ndege. Ndinawapatsa chitenjecho m'jumbo titatuluka m'tchalitchi, ndikuthamangira basi ya ku ntchito ku Murdoch. Sindinafotokoze kanthu. Ndinkati mbiri yake ndidzainena ndekha pa tsiku lotsegulira, anthu akuona ndi maso awo.

Loweruka tinapita, ine ndi Tadala, titatchena. Munali anthu, Amayi! Mayi wina wachikulire wa eni nthaka anayankhula za mmene anamuchotsera kwa mayi ake ali wamng'ono. Atatha tinayamba kuzungulira. Ndinafika pa bokosi lagalasi la Amalawi, nkusuzumira mkati.

Nkhope ija inabwerera. Yathunthu, yowala, maso onse awiri, ikundiyang'ana pakati pa chitenje chanu. Chochapidwa, chositidwa, ndipo pomwe panali chibowo pali chigamba chosokedwa mwaluso moti ukanati chachokera ku fakitale. Pansi pake analemba m'Chingerezi kuti nsaluyi inali ya mayi amene ankanyadira kuvinira mtsogoleri wake. Dzina lanu lili pomwepo. Ndinawerenga, nkuwerenganso, pakamwa pali yasa. Tadala anandigwira mkono kufunsa ngati ndikudwala.

Anaphiri anabwera akumwetulira, manja ali pachifuwa. Anati, amake Tadala, mwaona ntchito yanga? Sitikanaonetsa chisanza pamaso pa azungu, akanati Amalawi ndi anthu otani. Anatinso mayi awo anawasiyira chitenje chofanana ndi chanucho, chosavalidwa kwenikweni, ndiye anadula nkhope ya pamenepo kuti chanu chioneke bwino. Taganizani! Anaononga nsalu ya mayi awo chifukwa cha ulemu wanu. Ndinkafuna kukuwa, koma munthu wakuchitira chifundo chotere umamukuwira bwanji?

Mukudziwa kuti pakamwa panga sipasunga. Munkati, iwe Esinati, lilime lakolo lidzatimangitsa tonse. Ndinawakokera pambali nkuwauza zonse, za mwala, za mtedza, za khutu la abambo. Ndikuyankhula, nkhope yawo inkasintha. Anagwira pakamwa, nakhala pa benchi osayang'ana pomwe akukhala. Anangoti, mayo, ndachita chiyani ine. Tadala anali chilili pambali pathu, wamva zonse, maso ali tong'o. Nkhaniyi anali asanaimvepo. Anafunsa m'Chingerezi chakecho ngati agogo ankakhaliradi pulezidenti, ndipo ndinapezeka ndikuseka misozi ikutsika.

Anthu atachepa tinapempha mtsikana woyang'anira chionetsero kuti atitsegulire galasi. Atamva nkhaniyo anafiira, nati akanakonda chikanabwera mmene chinalili. Anatipatsa magulovesi oyera ndi tebulo m'chipinda cha kuseri. Anaphiri anatulutsa kasizasi m'chikwama nayamba kumasula ulusi okha. Ine mtima unayamba kutsika. Ndinkati chigamba chikachoka, zonse zibwerera m'malo.

Chigamba chinachoka, koma pansi pake panalibe chija ndinkachidziwa. Kuti chigamba chikhale bwino, Anaphiri anayamba adula ponse pothetheka, monga amachitira telala aliyense wodziwa ntchito. Panatsala chibowo cha makona anayi, chowongoka bwinobwino. Ulusi wopyapyala uja, kufufutika kuja, theka la diso lomwe linkatsalira m'mphepete, zonse anazisesa nkutaya mu bini, ndipo galimoto ya zinyalala inadutsa kalekale. Tinangoyang'anana.

Amayi, mpaka lero sindikukhulupirira. Chitenje chimene chinapulumuka kwa achinyamata a chipani, chinapulumuka chiswe, chinawoloka nyanja m'sutikesi mwanga, chaonongeka ndi chikondi cha mnzanga wa m'tchalitchi. Chabwerera m'galasi ndi chibowo chakecho, ndipo mawu a pansi awasintha. Koma wodutsa aliyense akuona ngati munadula ndi sizasi tsiku limodzi mutapsa mtima. Sakuona kuti inali ntchito ya zaka, ya mwakachetechete, ya munthu amene mawa lake ankayenera kukavinanso akumwetulira. Anaphiri sanabwere kutchalitchi Lamulungu. Ndipita kukawaona, chifukwa nawo atsala ndi nsalu ya mayi awo yobooka.

Ndinkaganiza kuti chitenje chidzakuyankhulirani ine nditakhala chete. Tsopano amene anaona ndi maso ndatsala ndine ndekha, ndipo zimenezi zikundiopsa. Ndiye ndikulonjeza, Amayi. Ndasinthana mashifiti ndi anzanga. Loweruka lililonse mpaka chionetsero chitsekedwe ndizikaima pambali pa galasilo, ndipo aliyense woima kuti aone chibowocho ndizimuuza mbiri yake yeniyeni, ndi dzina lanu, mokweza. Lilime lija munkaliopa, palibenso wotimanga.

Mupereke moni kwa abambo, muwayankhulire ku khutu lakumanja.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati