Musamuike Gerevazio m'goli

Zomba, 20 Sepitembala 1918

Okondedwa amalume a Bonifasio,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli moyo, inu ndi onse kwathu ku Chongoni. Kodi bondo lija linaphwa? Ine ndili bwino, kungoti mutu wadzaza.

Ndidakali pachipatala cha asilikali, kutsuka zilonda ndi kumasulira mawu a dokotala. Zilonda ndimazidziwa. Koma pali chipinda china cha anthu opanda bala, ongonjenjemera, ena osalankhula n'komwe. Dokotala akuti nthenda yawo ili m'maganizo.

Apa m'pamene ndasokonezeka. Ife timati munthu amaganiza mumtima, amaopa mumtima. Koma dokotala amagawa patatu: kuganiza pakokha, kumva chisoni kapena mantha pakokha, ndiye pali zina zobisika pansi zimene mwiniwake sazidziwa. Ndinawafunsa kuti chinthu chikhala bwanji mwa ine, ine osachidziwa. Anaseka nati ndi funso labwino, koma sanandiyankhe. Odwala ndinawauza kuti zili ngati chimanga chakale chotsalira pansi pa nkhokwe. Kaya ndinalondola, kaya ndinawanamiza. Mabuku onse aja ndinawerenga kwa abambo a mishoni sanandithandize.

A Yeremiya aphunzitsi andilembera za mng'ono wanga Gerevazio. Akuti chibwerere ku mtengatenga, kuja ankasenza katundu wa asilikali ku nkhondo, sadya bwino, ndipo tsiku limene munkatentha tchire, nsungwi zitayamba kuphulika, anathawa nakabisala kunsi kwa nkhokwe mpaka madzulo. Akutinso mwasema kale goli kuti mumumange ngati wamisala.

Amalume, kuno tili ndi wodwala wina wotero. Chitseko chikamenyeka amagwa chafufumimba. Dokotala akuti thupi linazolowera kuti phokoso ndi imfa, tsono limathawa lokha mwiniwake asanaganize. Akuti si misala. Tinkamumanga poyamba, ndipo ankaipiraipira. Titamumasula n'kumukhazika ndi mnzake amene anayenda naye ulendo umodzi, patapita masabata atatu anapempha yekha fodya.

Sindikunena kuti mizimu kulibe. Inenso ndimalota malemu bambo; dokotala akuti ndi chikumbukiro changa chabe, koma ndikadzuka mtima umakana. Amene akunena zoona sindimudziwa. Chimene ndinaona ndi maso ndi munthu uja akupempha fodya.

Pempho langa ndi limodzi. Musamuike Gerevazio m'goli mpaka mvula yoyamba. Muitane a Alufeo a ku Linthipe, amene anasenza naye katundu, azikhala naye pakhonde ngakhale osalankhula. Musamufunse zimene anaona. Ngati ndalakwa, goli silithawa, mudzalipeza pomwe mwaliika. Koma khosi limenelo lasenza kale zokwanira.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti asalire pamaso pa Gerevazio. Moni kwa azakhali a Veronika, achemwali a Kristina ndi alamu. Kwa Gerevazio musanene za dokotala. Mungomuuza kuti mkulu wake wamusungira bulangete, ndipo adzabwera nalo yekha.

Tsalani ndi Mulungu.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Bartholomew