Phazi la Ababa pa Njanji ya ku Salima

Amayi, mukudzuka bwanji kumeneko?

Ife kuno ku Mwadzama tilipo. Mpunga wa kudambo uja tinakolola, ngakhale mbalame zinatengapo gawo lawo osapempha. Mkazi wa mlongo wanga Yusufu anachira, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Akayamba kulira amamveka mpaka kumsewu, ngati inuyo poitanira malonda.

Koma sindinakhale pansi kuti ndilembe za mpunga. Ndili ndi mantha, Amayi. Nkhani ndi ya ababa.

Mukukumbukira masiku aja munkapita ku Limbe ndi mitanga ya usipa ndi mpasa wowamba wa ku Bua? Munkakwera sitima pa siteshoni ya ku Salima, ndipo tsiku lobwerera ababa ankapita kukakuchingamirani. Makutu awo anali atayamba kale kuvuta, ndiye inuyo munawaphunzitsa nzeru: avule nsapato, aponde njanji. Sitima ikadali kutali, chitsulo chimayamba kunjenjemera pansi pa phazi. Munkawaseka kuti, "Bambo a Halima, khutu lanu ndi laulesi, bola phazi limagwira ntchito." Chitsulo chikangonjenjemera ankavala nsapato, nkukonza kofia, nkuima pambali ngati mkwati.

Siteshoni ija lero simungaizindikire. Sitima ya anthu inasiya kalekale kufika. Pawindo logulitsira matikiti mavu anamangapo, ndipo paja munkagula tiyi ndi zitumbuwa pakudya mbuzi. Imadutsa ndi ya katundu yokha, mabogi otseka opanda mawindo, ndipo tsiku lake ife sitilidziwa.

Itatha sadaka yanu ya arobaini, masiku makumi anayi chitisiyireni, mutu wa ababa unayamba kusokonekera. Amafunsa kuti munanyamuka liti kupita ku Limbe. Tikawauza zoona amalira ngati amva kumene, mawa lake nkufunsanso. Mwezi watha anasowa. Tinayang'ana kumzikiti, kumunda, ngakhale kumanda kwanu. Kenako dalaivala wina wa lole ya mpunga anatiuza kuti anawanyamula pa Benga atavala mkanjo woyera, akuti akukachingamira akazi awo. Iye ankayesa akuthandiza munthu wamkulu.

Ndinawapeza ku siteshoni ija masana dzuwa likuswa mtengo, ataima pakati pa njanji, nsapato m'manja, phazi pa chitsulo, maso kummwera. Mlonda wa pamenepo anandikokera pambali. "Achemwali, agogowa ndikawachotsa akubwereranso, ndipo huta ya sitima sakuimva. Musadikire kudzabwera kuno ndi sanda."

Titafika kunyumba ndinawasambitsa mapazi. Amayi, kuphazi konse kunali matuza. Chitsulo chinawawotcha iwo osamva kanthu. Kuchipatala akuti ndi shuga, mapazi achita dzanzi ndipo sadzabwereranso mwakale. Phazi lija munkalidalira lafa, koma eni ake sakudziwa. Akuimabe pamenepo kudikira kuti linjenjemere.

Chiyambire tsiku limenelo apitanso. Tauza madalaivala a pa Benga, koma malole ndi ambiri, ndani angakane nkhalamba yovala bwino? Ndinabisa nsapato zawo, iwo nkuti zakhala bwino, savutikanso kuvula. Yusufu akuti tiziwatsekera m'nyumba. Bambo wondibereka ndimutsekere ngati mbuzi? Tinakangana mpaka lero tikuyankhulana mokakamiza.

Dzulo atamaliza kuswali ndinakhala nawo pamkeka, nkuwakuwira kukhutu kuti sitima ya anthu sibweranso, yatsala ndi ya katundu, ndipo siidikira munthu. Anandiyang'ana ndi maso abwinobwino, a ababa akale aja.

"Ndikudziwa, Halima. Mayi ako akapanda kutsika, ndikwera ndine."

Mawu amenewa andisowetsa mtendere. Sindikudziwa ngati amene anayankhula ndi matenda kapena ndi iwo eni.

Inu ankakumverani, Amayi. Ngati n'kotheka, abwerereni kutulo. Auzeni kuti munafika kale bwino, simuli m'sitima, ndipo asafulumire. Mdzukulu wanu sanayambe n'kukwawa komwe, akufunika agogo oti adzamuuze za inu.

Mkanjo woyera uja auchapitsanso lero, ndipo ndikudziwa tanthauzo lake. Sindiwatsekera. Mawa ndikwera nawo lole yomweyo. Ndikulonjeza kuti ndikawaimika pambali, dzanja lawo m'dzanja langa, ndipo pa chitsulo paja ndikapondapo ndine.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Halima