Kamba wa Anthu Anayi

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno mtima wanga sukukhala pansi. Chinangwa chachita bwino chaka chino, mkazi wa Armando wachira mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Koma bambo wake sanamunyamulepo. Armando, chitsirizira chanu chija, ali m'ndende ku Insaca.

Paja munkati wapaulendo sachoka pakhomo ndi mimba yokha. Ine mwambo umenewo ndinaugwira zolimba. Tsiku lina m'mawa Armando anabwera kudzandipempha kamba wa anthu anayi, akuti akupita ndi anzake kukagula nsomba ku Amaramba. Ndinawotcha chinangwa, ndinakazinga mtedza, n'kumanga timaphukusi tinayi. Sindinafunse kanthu. Inu munkafunsa?

Patapita masiku awiri, anzake atatu aja anagwidwa kufupi ndi Entre Lagos akukusa ng'ombe zakuba, mwini ng'ombe atamuthyola mkono. Armando sanali nawo. Akuti anabwerera panjira chifukwa cha malungo. Apolisi atafika pakhomo, ine ndi pakamwa panga pamene mumapadziwa paja ndinayamba kumuteteza. Ndinati mlongo wanga si wakuba, iye anangotenga kamba wa anthu anayi n'kukawapatsa. Ndinaona wapolisi akulemba, ndipo ndinanyadira kuti ndamupulumutsa.

Adivogadu, womuyankhulira pamlandu, ndiye anandimasulira uchitsiru wanga. Akuti pa mlandu wa chiwembu woweruza sakhutira ndi zakuti anthu ankakhala pamodzi n'kumanong'onezana. Amafuna chinthu chimene munthu anachita ndi manja ake pothandiza chiwembucho, ngakhale chikhale chosalakwika pachokha. Anzake aja sanamutchule. Chomumangirira kwa iwo ndi timaphukusi tanga tija basi.

Koma akutinso apolisi sanandiuze kuti mlongo ali ndi ufulu wokana kuperekera umboni mbale wake, choncho zimene analemba zija woweruza akhoza kuzitaya. Lachinayi woweruza adzandifunsa ku tiribunali, kubwalo la milandu, ngati ndikufuna kuyankhula. Ndikakana, mwina Armando abwera kwawo. Ndikavomera, ndamutsekera ndekha.

Ndinapita kukamuona. Ndinamufunsa ngati ankadziwa za ng'ombezo, iye n'kumangoyang'ana zala zake monga ankachitira akaba shuga wanu. Amayi, ankadziwa. Ndakwiya naye, ndipo ndikumukondabe. Mwini ng'ombe uja ndinakumana naye pamsika, nkhalamba, mkono uli pansalu, akulephera kukweza thumba panjinga. Ndinalambalala ngati sindinamuone, manyazi atandigwira.

Munkati chibale n'fupa, sichiwola. Munkatinso choipa chitsata mwini. Bwanji simunandiuze kuti mawu awiriwa akakumana pakhomo limodzi, wamkulu ndi uti? Ndikumapalira mzere umodzi kawiri, ndiwo ndikumathira mchere kawiri, ana ayamba kundiseka.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani sabata ino kuposa tsiku la maliro anu. Ndikulonjeza kuti Lachinayi sindidzanama. Zoti ndidzatsegula pakamwa, zimenezo sindingathe kukulonjezani.

Ndine mwana wanu,
Rozalina