Chitseko Ndapita Nacho kwa Andrea

Amake Priska,

Musadzidzimuke poona kuti galimoto palibe. Ine ndili bwino, chavulala ndi chitseko chakumanzere. Lole ya a tcheyamani a chipani yandigunda pamsika pamene ndimakweza madengu a nsomba.

Apepesa ndithu, koma akuti ndikakonzetse kwa mlamu wawo. Mukumudziwa uja: pophwanyika amangomatapo ngati akuzira nyumba, n'kupaka penti. Likawomba dzuwa lathu lino, zonse zimang'aluka ngati matope a m'dambo.

Ndinatsala pang'ono kuvomera, poti "chabwino bwana" amatuluka yekha pakamwa. Koma nditapita ku positi kukaimba foni, a inshuwalansi andiuza kuti wosankha kokakonzetsa ndi mwini galimoto. Ndakhala ndikulingalira: khadi la chipani timagula osafunsa, kumsonkhano timapita osafunsa. Nanga chitseko changa chomwe?

Ndiye galimotoyo ndikupita nayo ku Bangula kwa Andrea, uja amawongola chitsulo ndi nyundo. Ndibwera mawa. Pepani, chimanga chakuchigayo chipite panjinga.

A tcheyamani akabwera, apatseni mpando ndi madzi akumwa, muwauze kuti ndangomvera a inshuwalansi. Kapepalaka mukawerenga kaponyeni pamoto. Kulimba mtima kwanga kwathera pachitseko basi.

Ndine,
Lorenso