Denga la Nyumba ya ada Wallace

Lolemba, 5 Novembala 2018

Lero ndili pa ofu, ntchito kulibe. Kutentha koopsa, nkhuku zonse kukamwa yasa. Ndachapa, ndayanika, ndathawa.

Ndalowanso m'sitolo yakale ya Amwenye ija kuseri kwa msika wa Chintheche. Mashelefu akadalipo, chiswe chadya mbali ina. Pakhoma la kuchipinda timizere ta pensulo, wina ankayeza msinkhu wa ana ake. Ana amenewo ali kuti lero? Mwina ndi agogo ku Limbe, sakukumbukanso n'komwe. Ndajambula pa foni, ndaika pa sitetasi kuti anzanga aone.

Wezi, mnzanga wa kukhitchini pa loji imene ndimagwira ntchito, akuti ndili ndi mizimu. "Anzako pa ofu amakalukitsa tsitsi, iwe Temwa kukanunkhiza mileme." Nanga nditani? Nyumba ikasiyidwa imandiitana. Sindiba, sindiswa kanthu. Kungoona basi.

Pobwerera ndadzera kanjira ka m'minda ya chinangwa cholowera ku Kande. Nyumba ina ya njerwa zootcha, khonde lalitali, malata adzimbiri, loko wamkulu ngati chibakera. Mawindo okhomedwa matabwa. Koma pabwalo posesedwa bwinobwino, mizere ya tsache ikuoneka. Bwinja losesedwa! Amasesa ndani?

Lachitatu, 7 Novembala

Manijala watsopano pa loji, a Aleck. Nsapato zonyezimira, mawu ofatsa, anthu otere ndiye oopsa. Atisonkhanitsa m'dayiningi kutiwerengera malamulo a khalidwe. Yunifolomu kunja kwa geti ayi. Kupempha alendo manambala a foni ayi. Kulowa pamalo pa eni popanda chilolezo, kapena chilichonse choyambanitsa loji ndi anthu a m'mudzi, ntchito yatha pomwepo. Akuti malo amene loji yakhalapo ndi a mudzi, tisaiwale.

Pa lamulo lomalizali Wezi wandiponda phazi pansi pa tebulo. Ndasaina osamuyang'ana.

Ntchito ya pa risepushoni ndinaipeza movutika. Renti, mankhwala a BP a ama, mayi anga, zonse zimachokera pamenepa. Ndikudziwa.

Komabe tsiku lonse m'mutu muli loko uja.

Lachisanu, 9 Novembala

Ndalowa!

Ndaweruka masana, sindinadzere kunyumba kukavula. Ulesi. Malaya obiriwira a pa loji ali pathupi. Pakanjira palibe munthu, mbuzi zokha. Windo lakumbuyo thabwa limodzi linali logwedera, ndangolikankhira pambali.

Mkati mdima, kuwala kukulowa m'timabowo ta malata. Fungo la mileme ndi fumbi. Si bwinja ayi, ndi nyumba yathunthu. Mipando ya sofa yokutidwa ndi mapepala ake a kusitolo. Wailesi yaikulu ya thabwa. Makapu oyera m'kabati yagalasi, osamwerapo n'kamodzi komwe. Kuchipinda bedi lachitsulo loyalidwa bulangete lofiira, jekete pa msomali. Pamwamba penipeni pa bedi lata labooka, bulangete ladetsedwa pakati, layamba kuola.

Ndaima pamenepo. Munthu kugula zonsezi n'kusakhalapo? Anamwalira? Anathawa? Nanga abale ake osagawana bwanji? Kuno maliro asanathe anthu amakhala atalozerana kale mipando.

Potuluka msomali wa pawindo wandigwira siketi, yang'ambika. Ndati zisandivute, ndatsegula chitseko chakumbuyo, chinali ndi mpiringidzo wa mkati. Kunja ndangochikoka, sichikhomeka. Ndatsamiritsa mwala.

Siketi ina ndiitenga kuti mwezi uno?

Lamulungu, 11 Novembala

Mayo ine. Safunsa anadya phula.

Kutchalitchi nkhani ndi imodzi. Dzulo m'mawa chitseko cha nyumba ija chinapezeka chili pululu, mphepo inagubuduza mwala wanga. Ndafunsa Wezi ngati sindikudziwa kanthu. Wandiyang'ana nthawi yaitali, kenako wandifotokozera.

Nyumba ndi ya bambo wina, ada Wallace. Ankagwira ntchito ku Joni. Anabwera, anamanga, anaikamo katundu, n'kukhoma. Akuti anauza akazi awo, ama Ethel, kuti adzalowamo limodzi akadzabwera komaliza. Chinali chaka cha 1986. Mpaka lero, kalata kapena uthenga wa maliro, zii. Ama Ethel amakhala m'kanyumba kaudzu kuseri kwa mango, ndiwo amasesa.

Ndiye abale anagwirizana kalekale: tsiku limene wachibale adzaponde m'nyumbamo, ndiye kuti avomera kuti munthuyo anafa. Adzayenera kukhala maliro, kukwirira thunthu la nthochi m'malo mwa thupi. Ama Ethel amakana. Choncho palibe amalowa, palibe amasuzumira.

Dzulo mwana wina atathamanga kukauza ama Ethel kuti chitseko chatseguka, akuti anavala chitenje chatsopano, anamanga duku, anayenda mpaka pabwalo. Anaima chapatali n'kuitana dzina. Kuitana, kuitana.

Sindinadye.

Lolemba, 12 Novembala

Afika pa loji. Ada Weston, mng'ono wa ada Wallace, wamtali, ndodo m'manja. Ama Ethel pambuyo pawo. Mayi wina wokumba chinangwa anaona mkazi wa malaya obiriwira akutuluka kuseri. Nkhope sanaione.

A Aleck atiimika akazi tonse pakhonde ngati ana a sukulu. Ada Weston kukalipa m'Chitonga, a Aleck osamva, mlonda kumamasulira theka. Ada Weston akuti chitseko cha nyumba ija anachikhoma okha ndi misomali, nkhope atatembenuzira kumbali. Windo nalonso.

Ine maso anali pa ama Ethel. Aang'ono thupi, mikono yolimba, manja oyera ndi ufa wa kondowole. Sanakalipe. Ankatiyang'ana mmodzimmodzi ngati akufuna kugula nsomba. Anangoti, "Amene analowayo ndili naye funso, si mlandu."

Funso lanji? Ndikanapereka chilichonse kuti ndilimve, kupatula ntchito.

Lachinayi, 15 Novembala

Sindinaulule. Yandiulula ndi foni yanga yomwe. Wina anaonetsa a Aleck zithunzi za sitolo ya Amwenye zimene ndinaika pa sitetasi. Andiitana ku ofesi, andifunsa chimene chinachitikira siketi yanga ya yunifolomu. Basi. Misozi yokha inayankha.

Anandifunsa mobwereza ngati ndinatengamo kanthu. Ayi. Ndiye unkafunamo chiyani? Ndati kuona. Anavula magalasi. "Kuona chiyani, Temwa?" Ngakhale ine sindidziwa bwinobwino. Mwina mmene zinthu zimakhalira anthu akachoka.

Sanandichotse. Chenjezo lomaliza, poti alendo amandiyamikira ndipo Disembala ali pafupi. Koma phazi langa likadzapondanso pamalo pa munthu, kaya ndili pa ofu, kaya ndavala zanga, ndisadzabwerenso ngakhale kudzatsanzika.

Madzulo ine ndi amalume tapita kwa ada Weston ndi tambala. Ndagwada mpaka mawondo kuchita dzanzi. Alandira. Akuti maso awo ali pa kanjira kaja, nyumba yawo yayang'ana komweko, ndipo nambala ya a Aleck ali nayo. Ama Ethel sanatuluke.

Ama anga kunyumba sakundilankhula. Angoti ndinayamba ndili mwana, kusuzumira m'nkhokwe za eni.

Ndapulumuka. Ndafufuta zithunzi za pa sitetasi. Za m'nyumba muja sindinafufute.

Loweruka, 17 Novembala

Andipeza okha. Ndimagula usipa kwa a Faida pamsika, ndangomva dzanja pa chigongono. Ama Ethel. Anditengera kuseri kwa chigayo, kuphokoso, kuti anthu asamve.

Ndayamba kupepesa, andidula. Ndatulutsa foni kuti ndiwaonetse, aphimba maso ndi chitenje msangamsanga. Akuti kuona n'chimodzimodzi kulowa. Ndati ndiwafotokozere za mipando, za makapu. Akana. Zonsezo akuzidziwa, anathandiza kutsitsa pa lole, bedi anayala okha.

Funso lawo: "Denga likudontha?"

Ine ndimayembekezera za mizimu, kapena ngati munali chizindikiro choti munthu anabwerako. Ayi. Denga.

Ndikanatha kunama. Ndanena zoona, kuti labooka pamwamba pa bedi, bulangete layamba kuola. Anangogwedeza mutu. Akuti ankadziwa, mvula ikamagwa amamva kulira kwina kumbali imeneyo, kosiyana ndi kwa malata ena. Zaka zingapo tsopano akumvetsera ali panja.

Kenako anandigwira dzanja. "Iwe si wachibale. Ukalowa iwe, palibe wafa." Akufuna ndikakokere bedi kukhoma, nditchere beseni, ndiyale pulasitiki. Mvula isanayambe. Ada Weston asadziwe, iwo amafuna nyumbayo igwe kuti nkhani ithe.

Ndawauza za chenjezo. Ndawauza za mankhwala a ama. Anati yewo, amva, sakundikakamiza. Anapita.

Pofika kunyumba ndapeza beseni labuluu pakhomo, pulasitiki wakuda wopindidwa mkati mwake.

Lolemba, 19 Novembala

Beseni lili pansi pa bedi langa. Ndikaponya phazi ndimaligunda.

Wezi akuti ndilibweze lero lomwe. "Munthu anapita iwe usanabadwe, ali ndi zidzukulu ku Joni kapena ali m'dothi. Ufere ntchito bulangete?" Akunena zoona. Wezi amanena zoona nthawi zonse, n'chifukwa chake amatopetsa.

Ndinaganiza zopempha a Aleck chilolezo. Ndinafika mpaka pachitseko cha ofesi. Koma chilolezo cha ndani? Mwini mawu ndi ada Weston, ndipo a Aleck akangomva adzawaimbira. Ndiye ndawaulula ama Ethel. Ndinabwerera, ndinakapukuta makiyi a zipinda amene anali oyera kale.

Chikundizunguza mutu n'chakuti sindikudziwa chimene chikundikoka. Chisoni? Kapena ndikungofuna kuonanso? Kabati ija sindinatsegule. Thumba la jekete sindinapisemo. Ndikadzinamiza kuti ndi chifundo chokha, Mulungu akundiona.

Koma ama Ethel anavala chitenje chatsopano chifukwa cha ine. Anaitana dzina pabwalo anthu akuonerera. Zimenezo sizichoka.

Kodi amakhulupiriradi kuti amuna awo adzabwera? Kapena amangokana kuti ena awauze tsiku lolira? Ndikanakonda kuwafunsa. Sindingayerekeze.

Alendo awiri a ku Lilongwe adandaula kuti shawa sikutentha. Ndamwetulira, ndapepesa.

Lachitatu, 21 Novembala

Ndilowa ntchito thuu koloko masana. Panopa kuli m'mawa ndithu koma kwada ngati madzulo. Mitambo yakuda bii kuchokera kunyanja, asodzi akokera mabwato kumtunda. Mphepo yanunkha dothi. Ama akuthamangitsana ndi chinangwa chimene anayanika pathandala.

Ndawathandiza kulowetsa. Ndabwera kuchipinda. Ndakhala. Ndaimirira.

Mvula yoyamba anthu onse amathawira m'nyumba, ada Weston nawonso. Kapena amakhala pakhonde kuionerera, amuna achikulire amatero. Sindikudziwa. Kudzera kumunda kwa ama Ethel ndi kotalika koma chinangwa chake n'chachitali kundiposa.

Windo analikhoma misomali yatsopano. Ndiye kuti pafunika hamala. Ine amene ndimati sindiswa kanthu.

Yunifolomu ndaisita, ili pa hang'ala. Ndikabwera bwino ndidzaivala. Ada Weston akandiona, ntchito yatha, ndiye kuti ndasitira Wezi, amadandaula kale kuti yake yathina.

Kwagunda. Madontho oyamba pa malata athu, akuluakulu. Kwa ama Ethel ayambanso, ndipo ali panja akumvetsera.

Ama anga akufunsa kuti beseni ndikupita nalo kuti.