Mabotolo a pa Mphambano

Msundwe, 14 Okutobala

Okondedwa achimwene a Ignatius,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo. Kodi muli bwanji ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana? Chifuwa chija munkadandaula nacho nthawi yozizira chinatha? Kuno tili bwino, kungoti dzuwa likuwotcha ndipo fumbi ndiye losanena. Eunice wanga ali kusukulu, akukula ndithu.

Uthenga wanu ndaumva. Msuweni wathu Rodrick anabwera ndi foni yake n'kunditsegulira mawu anu pakhonde, odutsa m'njira akumva nawo. Mwati ndisiye kutola mabotolo mwezi uno usanathe, ndigwetse shedi yomwe tamanga pamalo a malemu amayi, apo ayi ndisadzakutchuleninso achimwene. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni simulola munthu kumaliza mawu.

Yankho langa ndi lalifupi. Sindisiya, ndipo shedi sindigwetsa. Koma mumveko mbali yanga, poti mwangomva ya amayi aang'ono a Dyness yokha.

Chaka chatha mbuzi yanga inafa ili ndi bere. Titaitumbula tinapeza majumbo okhaokha m'mimba mwake, atapotana ngati chingwe. Ndinapsa mtima kwabasi. Nditafotokoza kumphakati, amayi anzanga anati nawonso zinawaonekera. Tinagwirizana amayi khumi ndi awiri kuti tizitola mapulasitiki, mabotolo ndi zitsulo zakutha. Pali bambo wina wa m'tauni amabwera ndi lole kumapeto kwa mwezi, amayeza katunduyo pasikelo n'kutilipira. Ndalamayo sitigawana. Tikaweruka ku Misa timakhala pansi n'kumvana choti tikonze m'mudzi.

Chavuta ndi pomwe timatola. Mabotolo ambiri amagwa pa mphambano, paja pamaima maminibasi. Inu mukudziwa zomwe tinakula tikumva, zoti cha pa mphambano satola chifukwa anthu amakasambapo mankhwala n'kusiyapo matsoka awo. Amayi aang'ono atandiona nditawerama pamenepo ndi thumba, anagwira pakamwa. Anati ndikututa matsoka a eni ake n'kumakawaunjika pamalo a mkulu wawo. Sabata isanathe, mudzi wonse unkati Modesta wakhwima.

Tsopano ndiulule chomwe sindinauzepo munthu. Tsiku lina mu Malichi ndinatoladi botolo lokhala ndi mizu yakuda, pakhosi pake atamangapo kansalu kofiira. Ndinayang'ana uku ndi uku, anzanga onse ali patali. Ndikanawaitana kuti aone, mawa lake palibe akanapondanso pa mphambano, ntchito n'kuthera pomwepo. Ndinachita chizindikiro cha mtanda, ndinakhuthula mizuyo, botolo n'kuliponya m'thumba.

Patapita masiku asanu Eunice anayamba kutentha thupi ndi kusanza. Ndisaname, mtima unandiuza kuti ndapha mwana ndi manja anga. Amayi aang'ono anaima pakhomo n'kunena kuti wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo tithamangire kwa sing'anga. Ine ndinamukweza pa kabaza mpaka kuchipatala cha mishoni, njira yonse ndikulira.

Anamuyeza, anati ndi malungo. M'wodimo munadzaza ana odwala chimodzimodzi, ndipo amayi awo sanatolepo botolo ndi limodzi lomwe. Namwino anatiuza kuti udzudzu umaswana m'madzi odikha m'zitini ndi m'mabotolo otayidwa. Pa tsiku lachitatu Eunice anali atayamba kuvuta kuti akufuna mandasi. Nditabwerera kumudzi mantha onse anali atatha, ndinangotsala ndi ukali.

Nanga amayi aang'ono anakuuzani zomwe ndalamayo yachita? Mjigo wa kwa Chikoti uja unafa inu musananyamuke, tsopano ukutulutsa madzi. Tinagula zipangizo, mmisiri wa mijigo, a Gilbert, n'kuukonza masiku awiri okha. M'mbali mwa mtsinje tadzala mbande za mibawa ndi nsangu, pomwe paja inu ndi anzanu munamaliza mitengo pomanga zigafa za fodya. Sindikukuzengani mlandu, ndikungokukumbutsani. Ndalama ya mwezi uno tagwirizana kuti tikumbire chimbudzi pamsika.

Amayi aang'onowo analumbira kuti madzi a ndalama za pa mphambano sadzamwa, ndipo pamjigo safikapodi. Amadikira mpongozi wawo atunge, iwo n'kumamwa a mumtsuko mwake. Akuti madzi akagona m'nyumba tsoka limatha. Ine ndimangoseka, nanga ndiwatani?

Kuti ndinu mwini mbumba sindikukana. Koma mwini mbumba ntchito yake ndi kusamala mbumba, osati kuithamangitsa. Malo aja ndi a amayi, ndipo kwathu kuno pamalo a mayi pamatsala mwana wamkazi. Amene ndimasesa pamenepo ndine, amene ndimalambula pamanda awo ndine.

Mwati ndikuchititsa manyazi banja. Pamene amayi ankadwala, mjigo uli wakufa, ndinkawatungira madzi kudambo komwe zimamwa ng'ombe. Ndinkasefa ndi chitenje changa n'kuwamwetsa, iwo akukwinya nkhope. Manyazi anga ndi amenewo, achimwene. Thumba la mabotolo sindichita nalo manyazi ngakhale pang'ono.

Komabe mawu anu andipweteka. M'mimba mwa amayi tinatsala awiri okha, ine ndi inu. Rodrick atachoka ndinalowa m'nyumba n'kulira ngati kwagwa maliro. Sindikufuna kukutayani, koma sindingagule ubale wathu pobwezera ana a m'mudzi muno kumadzi a kudambo.

Pempho langa ndi limodzi. Musatume Rodrick kapena wina aliyense kudzagwetsa shedi. Bwerani nokha pa Khirisimasi, mudzaone mjigo, mudzaone mbande. Mukadzaona zonsezo n'kufunabe kugwetsa, mudzazule nokha mzati woyamba amayi onse khumi ndi awiri akukuonani. Sindidzakugwirani dzanja, sindidzakutukwanani. Koma mawa lake m'mamawa mudzandipeza pa mphambano ndi thumba langa, ndipo katundu tizidzaunjika pansi pa mtengo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Steven ndi mng'ono wake. Eunice akuti moni kwa amalume ake. Ambuye akusungeni pantchito panu, akutchinjirizeni m'misewu ya kumeneko, ndipo akubweretseni kuno muli amoyo.

Ndine mlongo wanu, mufune musafune,

Modesta