Masiku 31

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ife kuno tilipo.

Malipiro anga a umesenjala amayenera kukwera ndi K4,200 pa 1 Julayi, monga mwa chaka chilichonse, koma sanakwere. Akalaliki anandionetsa lamulo lakuti wantchito wa boma akapitirira masiku 30 pa tchuthi chosalipidwa, amadikira chaka china. Ine ndinakhala masiku 31 ndikudwazika mkazi wanga, mpongozi wanu, kuchipatala. Ndinati, "Bwana, ndi tsiku limodzi lokhatu." Iwo anati, "Madala, kompyuta siimva chisoni."

Sindinalimbane nawo, chifukwa Lolemba ndikukapemphanso masiku ena. Adokotala anandiitanira pambali, nandiuza kuti ndisamatalikire. Mpongozi wanuyo amakufunsani kawirikawiri. Munalemba kuti mudzabwera mu Okutobala. Ngati n'kotheka, Amalume, musadikire Okutobala.

Ndatha ine,
Mwana wa mlongo wanu